Alamu Anga a Sandipepa

Dzina lenileni la alamu anga amalidziwa ndi achipatala okha. Tonsefe timangoti a Sandipepa. Anawapatsa dzinali ndi anzawo a kuntchito, chifukwa akafika pamalo dzanja lawo ndi lomwe limayamba kupereka moni. Asisite m'mphepete mwa tebulo, asisite chitseko, asisite mkono wa mpando, ndipo akapeza pokhakhala nkhope imachita tsinya ngati aluma kamwala. Tsiku lomwe anabwera kudzaonekera kwathu, ine ndikadali mtsikana wa pasukulu, bambo athu ankawafunsa za kwawo koma iwo maso ali pa ngodya ya tebulo lathu lodyera. Potsanzika anati, "Pepani bambo, tebuloli lidzavulaza mwana." Sabata yotsatira anabwera ndi chikwama cha zida. Bambo anawayang'ana akupala, kenaka anatembenukira kwa mayi n'kunena kuti, "Mkamwiniyu ndi wabwino, koma mipando ibiseni."

Achemwali anga anakumana nawo chifukwa cha madesiki. Nthawi imeneyo achemwali anali atangoyamba kuphunzitsa, alamu akugwira ukalipentala pa kashedi ka amalume awo. Madesiki atsopano atafika kusukulu anayamba kung'amba mayunifolomu a ana, achemwali n'kunyamuka kukakalipa kushediko. Iwo pakamwa sachedwa. Anayankhula mpaka malovu kuuma, mnyamatayo ali duu, kumvetsera. Achemwali atamaliza, iye anangoyankha kuti, "Madesikiwo sindinakhome ndine, koma ndibwera." Anabweradi n'kupala madesiki onse a m'kalasimo. Mawa lake anabweranso kudzapala omwe anali atapala kale. Mpaka lero alamu amamuitana mkazi wawo kuti Aphunzitsi, ngakhale pokangana.

Mwana wawo woyamba ali kumsana, alamu analembedwa ntchito pa kampani ina ya kudoko yopanga maboti. Osati maboti a asodzi kapena onyamula anthu ndi katundu, ayi. Awa ndi maboti a anthu amene chuma chinawasowetsa chochita: oyera mbee, osanjikiza ngati nyumba za m'tauni, okhala ndi zipinda zogona, mabafa, khitchini ndi pabalaza, ndipo pamwamba penipeni khonde lopanda makoma, lokhala ndi chiwongolero chake, kuti mwini boti aziyendetsa mphepo ikumuomba kumaso. Thupi la boti amaumba ena, injini amaika ena, mawaya amalumikiza ena. Alamu ndi gulu lawo amalowa m'chigobacho chikadali chopanda kanthu, chikununkha guluu, n'kuchisandutsa pokhala anthu.

Chodabwitsa n'chakuti iwowo ndi madzi sagwirizana. Anakwerapo kamodzi kokha, boti lina likuyesedwa, ndipo anabwerako atatuwa, atasanza mpaka ndulu. Ine poti ndi mlamu wawo sindinkawasiya.

"Alamu, zaka zonsezi kumangira anzanu nyumba zomwe inu simungagonemo?"

"Mlamu, woumba mbiya amadyera m'phale," iwo ankayankha. "Koma musaseke. Ntchitoyi ndinaiphunzira tsiku lomwe ndinasanzalo. Ndinkadzandira m'botimo, dzanja likusaka pogwira, osapapeza. Ndinagunda nthiti pa kabati yomwe ndinakhoma ndekha."

Kuchokera pamenepo, akayamba za ntchito yawo tiyi ankazizira m'kapu. Ankati pamtunda nyumba imaima, woyenda ndi munthu, koma pamadzi nyumba imayenda ndipo munthu amangopirira. Choncho m'boti simufunika ngodya yakuthwa. Tebulo limakhala ndi kamkombero kuti mbale isatsetsereke. Dirowa iliyonse imakhala ndi kachitsulo koigwira kuti isatseguke yokha mafunde akakula. Matambula ali ndi mabowo awoawo m'kabati, kuti asagundane. Ndipo paliponse pomwe munthu waima, akatambasula dzanja azipeza chogwira. Achemwali, omwe anazimva zimenezi kambirimbiri, ankangoti, "Bambo, tiyi uyo," n'kupitiriza kuchonga makope a ana.

Chaka china kampaniyo inamaliza boti lalikulu kuposa onse omwe inali itapangapo, ndipo lisanatumizidwe kwa mwini wake akuluakulu analola kuti antchito abwere ndi mabanja awo kudzaliona. Achemwali ananditenga. Ndinatseka saluni yanga tsiku lonse, ndinavala nsapato zanga zazitali, koma titangofika pa doko anatiuza kuti tonse tivule nsapato. Zanga zinatsala mu basiketi pamodzi ndi majombo a amisiri.

Tinalowera kumbuyo, pa kathandala ka matabwa komwe akuti kamatsika mpaka m'madzi ukadina batani, kuti osambira asavutike kukwera. Chitseko chagalasi chinatsetsereka chokha osalira. Pabalaza panali masofa achikopa choyera, oti ine sindinayerekeze kukhalapo, ndi mawindo aatali ochokera pafupi ndi pansi, moti kulikonse komwe wayang'ana ukuona madzi. Khitchini inali pomwepo pambali, yaing'ono koma yokhala ndi zonse: firiji yobisika kuseri kwa thabwa, chitofu chagalasi chokhala ndi timipanda togwira mapoto. Titatsikira kunsi tinapeza chipinda cha mwini boti, chotenga m'lifupi monse mwa botilo, bedi lili pakati, mawindo ali pafupi ndi madzi penipeni. Alamu anatsegula madirowa a pansi pa bedilo ndi chala chimodzi n'kuwatsekanso, nkhope ili gwa, ngati si iwo anapanga. Kumbuyo, pafupi ndi injini, anationetsa kachipinda ka antchito a m'boti, mabedi awiri osanjikizana ngati mashelefu.

"Umu ndiye mwathu," achemwali anatero. "Mosofamo tinangodutsa."

Kenaka tinafika pa masitepe okwera pamwamba, ndipo apa alamu anaima. Masitepe amenewa ndi omwe anawadyera miyezi. Mwini botilo anali bambo wachikulire wa bondo louma, ndipo anali atanenetsa kuti ngati sangakwere yekha pakhonde lapamwamba, boti lonselo alibe nalo ntchito. Mayi wojambula mapulani pa kampaniyo anajambula masitepe kangapo, koma pa pepala zonse zimakwereka. Ndiye iye ndi alamu anagwirizana zokhoma masitepe oyeserera a matabwa wamba m'shedi. Alamu anamangirira thabwa kumwendo kwawo kuti bondo lisapinde, n'kumakwera ndi kutsika tsiku lonse, mayiyo ali pansi ndi pensulo akufunsa kuti, "Pamenepo bwanji? Nanga dzanja lapita kuti?" Anaphwasula ndi kukhomanso mpaka zinatheka.

Ine ndinakwera osamva kuti ndakwera. Pamwambapo mphepo inatilandira. Panali sofa yozungulira tebulo, kafiriji, chowotchera nyama, malo ogona poothera dzuwa, ndi denga loti ukadina batani limatseguka pakati. Kutsogolo kunali mipando iwiri italiitali ndi chiwongolero. Achemwali sanafunse munthu. Anakhala pa mpando wa woyendetsa, manja pa chiwongolero, mpango ukuuluka, n'kuyang'ana doko lonse ngati ndi kalasi yawo.

"Aphunzitsi, musadine kanthu," alamu ananong'ona.

"Bambo, khalani pansi musanayambe kusanza," iwo anayankha. Boti linali lomangirira, madzi ali bata.

Panali patapita zaka zingapo kuchokera tsiku limenelo pamene achemwali anagwa m'kalasi, choko chili m'manja. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mulungu anachita chifundo, pakamwa sipanapotoke ndipo nzeru zinatsala zonse, koma dzanja lamanzere linafooka, komanso anatsala ndi chizungulire. Akaimirira, pansi pankapendekeka. Atatuluka m'chipatala anayesa kuyenda okha kuchoka pabalaza kupita kubafa, n'kugwera pa kabati ya mbale, chipumi n'kung'ambika. Kuyambira pamenepo anakhala pa mpando wa pafupi ndi windo, osafunanso kudzuka popanda wowagwira. Mayi woti ankayankhula mpaka wailesi kuchita manyazi anayamba kuyankha ndi mutu.

Ana awo onse anali atakula, wina ali pabanja kutali, wina ali kuntchito mumzinda wina. Alamu anatenga tchuthi. Ankaphika, ankachapa, ankawasambitsa, ankawabweretsera chilichonse pampandopo, ngakhale madzi omwe sanapemphe. Ine ndinkapitako masana saluni ikakhala yopanda anthu, kukawapesa tsitsi. Tsiku lina ndikuwaluka, alamu atapita kukagula buledi, achemwali anayankhula osanditembenukira.

"Mng'ono wanga, alamu akowa andipha ndi chifundo. Ndasanduka duwa la m'chitini. Amandithirira, amanditembenuzira ku dzuwa."

"Nanga atani, achemwali? Akuopa kuti mugwanso."

"Inenso ndikuopa. Nyumbayi ikuyenda, iwe. Ndikaima, makoma amachoka. Ngati ndili m'maboti awo aja."

Madzulo ake alamu akundiperekeza pageti ndinawauza mawu amenewa, ndikuganiza kuti aseka. Sanaseke. Anandifunsa kawiri kuti achemwali ananena bwanji kwenikweni, kenaka anabwerera m'nyumba osanditsanzika.

Patapita masiku, nditafika ndinapeza zomwe sindidzaiwala. Achemwali anali atagona kuchipinda. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, alamu, bambo wa imvi zake, anali kuzungulira pamalo amodzi ngati mwana, manja atatambasula, pensulo ili kukamwa. Anazungulira, anazungulira, kenaka analowa m'khitchini akudzandira. Pomwe dzanja lagunda khoma, ankalembapo kamtanda. Anadutsa m'kakhonde ka m'kati, phewa likukhula khoma, mpaka kubafa. Chizungulire chitatha anatulukanso panja kukayambiranso.

"Alamu, kodi mwayamba kumwa?" ndinafunsa.

Anachotsa pensulo kukamwa, thukuta lili kamukamu. "Ndikufuna ndidziwe komwe dzanja lawo lizipita. Kuwafunsa sangandiuze, munthu akamagwa sawerenga. Mlamu, imani apo, mundiuze ngati ndikupendekera kumanzere."

Ndinaima. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo pena sindikudziwa ngati inali ya kuseka yokha. Atamaliza anakasanza kuseri kwa nyumba, n'kubwera kudzayeza timitanda tawo ndi tepi.

Achemwali atamva kuti m'nyumba muikidwa zogwirira, anakana kwamtuwagalu.

"Zitsulo za kuchipatala zija m'nyumba mwanga ayi. Alendo azibwera kudzaona kuti muno muli wolumala? Ndikafa mudzaike."

"Zitsulo ayi, Aphunzitsi," alamu anatero. "Ndingokonza pang'ono makomawa, penti yatha."

Apa ndi pomwe zaka zawo za m'maboti zinagwira ntchito. Anandifotokozera kuti anthu olemera nawonso safuna kuoneka akugwirira. Munthu wagula boti loti dziko lonse limuone, sangalole alendo ake amuone akukakamira chitsulo ngati ali m'basi. Ndiye zogwirira za m'maboti amenewa zimabisika. Zina zimakhala kamsewu kokumbidwa kunsi kwa mkombero wa tebulo, koti zala zimangolowamo zokha. Zina zimaoneka ngati mzere wokongoletsa khoma.

Kapitawo wa kuntchito kwawo anawalola kutola zidutswa za matabwa zotsala, ndipo mayi wojambula mapulani uja anabwera Loweruka lina kudzaona nyumbayo, n'kuwathandiza kuganiza za kubafa. Alamu anakhoma thabwa lofiirira, losalala ngati sopo, kuyambira pachitseko cha chipinda, kudutsa m'kakhonde, kuzungulira pabalaza mpaka kukhitchini. Ukaliona umati ndi chokongoletsera, koma kuseri kwake kuli mpata wolowa zala. Kabati ya mbale anaikhomerera kukhoma n'kuidula ngodya zonse. Tebulo la khitchini analiikira kamkombero. Ketulo anaipangira pokhala pake poti siingagwe, makapu anawaboolera mabowo m'shelefu yotsika. Kubafa anayala timatabwa ta mipata tosaterera, n'kuika kampando kopinda kukhoma. Kapeti wa pabalaza, yemwe achemwali ankamukonda, anamuchotsa, ndipo nkhondo ya kapetiyo inatenga sabata yathunthu.

Alamu sanawauze achemwali kuti ayese. Anamaliza, anasesa utuchi, anapitiriza kuwabweretsera tiyi pampando ngati kale. Achemwali ankaliyang'ana thabwalo ndi diso la m'mbali.

"Ndiye penti mumanena ija ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi."

Ndinalipo tsiku lomwe analigwira. Alamu anali panja akuchapa, ine ndikusesa tsitsi lomwe ndinawadula. Achemwali anafuna mpango wawo womwe unali kuchipinda. Anatsegula pakamwa kuti aitane, kenaka anatseka. Anaimirira, anapendekeka, dzanja lamanja linapita kukhoma lokha, zala n'kulowa kuseri kwa thabwa lija ngati zinapangana nalo. Anaima pamenepo akupuma. Kenaka anasuntha phazi. Ine tsache lili m'manja, osayerekeza ngakhale kutsokomola. Anapita mpaka kuchipinda, anabwerako mpango uli paphewa, anakhala pansi, n'kundiloza ndi chala.

"Ukawauza, usadzabwerenso kuno."

Sindinawauze. Koma alamu atalowa, ndinaona dzanja lawo likusisita thabwalo podutsa, pomwe panali timadontho ta mafuta a tsitsi omwe anali m'zala za achemwali. Ananunkhiza zala zawo, n'kupitirira kukhitchini. Kumeneko ndinawamva akuimba mluzu, chinthu chomwe anali atasiya kuyambira tsiku la kuchipatala.

Sizinachire zonse. Dzanja lamanzere mpaka pano siligwira bwino, ndipo kukalasi sanabwererenso. Anagwanso kamodzi, pakhomo la kumbuyo pomwe alamu anali asanakhomepo chogwirira, ndipo alamuwo anadziimba mlandu mwezi wonse. Koma pang'onopang'ono achemwali analanda khitchini yawo. Anayamba ndi tiyi, kenaka mazira, kenaka kukalipa kuti mchere wasunthidwa. Pakamwa patabwerera, tinadziwa kuti munthu wabwerera.

Vuto linatsala linali alamu. Tchuthi anali atachiwonjezera kawiri, ndipo ankayenda pambuyo pa mkazi wawo m'nyumba monse, manja ali chire ngati wolondola mwana wophunzira kuyenda. M'mawa wina achemwali anatembenuka ali pakati pa kakhonde.

"Bambo, kodi matabwawa munakhomera ine kapena inu?"

"Inu, Aphunzitsi."

"Ndiye mukundilondoleranji ngati nkhuku yoona chimanga? Simukuikhulupirira ntchito yanu?"

Achemwali anawalozera chitseko.

"Bwererani kudoko. Olemera akugunda nthiti kumeneko. Ndikagwa ndiimba foni, ndikalephera kuimba mudzandipeza pomwepo, sindithawa."

Alamu anabwerera kuntchito. Masiku oyamba ankaimba foni pafupipafupi mpaka achemwali anayamba kuizimitsa. Iwo anapeza chochita chawo: amayi ena a mumsewu mwawo omwe sukulu inawadutsa anayamba kubwera masana kudzaphunzira kuwerenga, atakhala mozungulira tebulo la khitchini, ndipo mawu a Aphunzitsi ankamvekanso mpaka kumsewu.

Alamu anagwira ntchito zaka zina zingapo, n'kupanga nawo maboti ena omwe ine sindinawaone. Anapuma maso atayamba kuchita nkhungu, mzere wa pensulo osauonanso bwino. Tsiku lotsanzikana anzawo anawanyamula m'mwamba kuzungulira shedi yonse, iwo akukuwa kuti awatsitse. Kupuma kunawavuta poyamba. Munthu wozolowera kudzuka kukadali mdima ankakhala pakhonde atavala kale, osadziwa kopita. Achemwali ndi omwe anawapezera ntchito: kuwaperekeza kugolosale m'mawa uliwonse, ngakhale kulibe chogula.

Saluni yanga ili mumsewu womwewo, ndiye ndimawaona akudutsa ndikamatsegula. Amayenda pang'onopang'ono, m'mbali mwa msewu, atakolana mikono. Achemwali ali ndi ndodo kudzanja lamanja, alamu ali ndi kachikwama ka buledi. Alamuwo saona bwino maenje, ndiye achemwali ndi omwe amanena kuti, "Dzenje ilo, bambo, kwezani phazi." Lero m'mawa ndinatuluka ndi chipeso m'manja kukawapatsa moni.

"Mwadzuka bwanji achikulire? Koma ndifunse, pa awirinu akugwira mnzake ndani?"

"Ndine," onse anayankha pamodzi.

Anayang'anana. Achemwali anati alamu akunama, alamu anati Aphunzitsi sanayambe avomerapo kanthu chibadwire, ndipo anapitirira ulendo wawo akukangana choncho. Kasitomala wanga woyamba anali atafika kale, ndinalowa kukatenthetsa madzi.